Kabedi Koyenda Khomo ndi Khomo

Lachiwiri m'mawa namwino Priscila anandiitanira m'kachipinda kake n'kutseka chitseko. Pakiliniki pathu namwino akakutsekera chitseko, dziwa kuti pali wakwathu amene walakwa, ndipo moto wake uyamba kuwotcha iwe. Ine ndine Guerdine. Ndakhala muno mu Santiago zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ntchito yanga ndi kuima pakati pa anthu akwathu ku Haiti ndi eni dziko, kumasulira Chikiriyoli chathu ndi Chisipanishi chawo uku ndi uku. Tsiku limene ankandilemba ntchito anandiuza kuti ndidzakhala mlatho. Anangoiwala kunena kuti mlatho anthu amaupondaponda.

Pepala limene Priscila anandionetsa linali la Kettelie, mkazi wa Wilgens, amene ife timangomutcha Madan Wilgens monga mwa kwathu. Mwana wake anali ndi masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Kusikelo anali atajomba kawiri. Akuchipatala chachikulu kumene anachirira anali atalemba mizere itatu: mayi sayang'ana mwana, samupsompsona, samutchula dzina. Pansi pake wina anawonjezera ndi cholembera chofiira kuti chikondi cha mayi sichikuoneka.

Priscila anati Lachinayi nthawi ya teni, Mayi Yasna a zosamalira ana akafika kunyumbako. Zimene akaone ndi zimene zikapite kukhoti la za mabanja, ndipo khotilo likhoza kutenga mwana kukamusungitsa kwina. Ndinamuuza Priscila kuti mayiyo ali m'chikuta, kuti kwathu wochira kumene satuluka panja kuopa mphepo ingamulowe m'mafupa, nanji mu Juni muno mmene ndi madzi apampopi omwe amaluma. Iye anati wamva, koma pepala lilibe malo olembapo chikuta. Si munthu woipa Priscila ayi. Vuto lake amakhulupirira pepala kuposa Baibulo.

Sindinadye nkhomaliro. Ndinakwera basi mtima uli m'mwamba, ndikutukwana roboti iliyonse imene inatiimitsa.

Nyumba imene ankakhala a Wilgens kuno ku Quilicura, dera lathu la mu Santiago, inali ya banja limodzi kale, koma mwini wake anaidula zipinda khumi ndi zinayi ndi timatabwa topyapyala. Woyandikana naye akatsokomola umachita kudzigwira pachifuwa kuyesa ndi iwe. Kettelie ndinamupeza atakhala pamatiresi, msana atatsamira khoma, duku kumutu, thonje m'makutu, masokosi awiriawiri, majuzi osawerengeka. Mbaula ya palafini inkanunkha pakona. Mwana sindinamuone. Ndinangoona kachotupa pansi pa juzi kakukwera ndi kutsika, ndipo chifukwa cha phuma sindinakaganizire kawiri.

Ndinamufotokozera zonse mosabisa. Anamvetsera maso ali pansi, kenako anafunsa chapansipansi:

"Nanga kansanza kangaka kawalakwira chiyani, achemwali?"

"Ndi zimenezotu, Madan Wilgens. Kansanza! Mwana ali ndi dzina. Papepala analemba Emiliano."

"Analemba ndi bambo ake."

Ndinamuuza kuti anthu akuno chikondi amachiyeza ndi maso. Amafuna aone mayi akupsompsona mwana pamphumi, akumuseketsa, akumuuza kuti ndi wokongola kuposa onse. Ndinati si zovuta, mphindi khumi zokha, mlendo akachoka abwerere ku zake. Mpaka ndinanyamula kathumba ka mpunga kanali patebulo n'kukakumbatira, kukapsompsona, kukatcha mfumu yanga, kuti aone mmene zimachitikira. Ndinali ngati wamisala, mayi wamkulu ndithu kupsompsona mpunga. Kettelie sanaseke.

M'malo mwake anandiuza za Sadrac, ndipo ndinabwezera mpunga uja patebulo mwaulemu.

Sadrac anali mwana wake woyamba, wobadwira kwathu ku Jérémie. Kettelie anali mtsikana nthawi imeneyo, ndipo chimwemwe chinamupitirira. Ankamuonetsa kwa aliyense wodutsa pakhomo, ankaimba dzina lake potsuka mbale, ndipo anthu ankaima n'kumati koma mwana uyu ndi wokongola, koma tsitsi lake, koma maso ake. Tsiku la makumi awiri mwana anadzuka thupi lili moto. Dzuwa lisanalowe anali atapita. Pamaliro apongozi ake sanamukalipire, anangomunong'oneza kuti wamuonetsa kwambiri, maso a anthu amudya.

Ine ndimagwira ntchito pakiliniki. Ndikudziwa za tizilombo tolowera pamchombo, ndikudziwa za malungo a makanda. Koma kodi zimenezo ungamuuze mayi amene anakwirira mwana? Ndiponso ndisadzionetse ngati wophunzira kwambiri, mwana wanga wamkazi ali khanda ndinamumangira kachingwe padzanja ngati wina aliyense.

"Uyu ali ndi masiku khumi ndi asanu ndi awiri," anatero Kettelie. "Lachisanu akwana makumi awiri. Ndiye mukuti Lachinayi ndimuyamikire pamaso pa mlendo? Mukufuna ndimuphe ndi pakamwa panga?"

Ndinapsa mtima, osati ndi iye kwenikweni, koma iye ndi amene anali pafupi. Ndinamuuza kuti akapitiriza makani, mwanayo adzayamikiridwa ndi anthu achilendo tsiku ndi tsiku kumalo osungira ana, iye palibe. Ndi mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Anangokokera juzi yake m'mwamba n'kutembenukira kukhoma.

Lachitatu linali tsiku lothamangathamanga. Mamawa ndithu Wilgens anandiimbira foni ali kumsika waukulu kumene amasenza matumba a anyezi. Anati wagula matikiti a basi yopita kumpoto, ndipo kuchokera kumeneko adzaona mmene angadutsire malire. Anali atamva za munthu wina wakwathu wa ku Gonaïves amene mwana wake anatengedwa n'kukhala miyezi isanu ndi itatu asanabwezedwe, ndipo pobwera mwanayo ankalira akaona amayi ake. Kaya nkhaniyo inali yoona yonse kaya inakula m'njira, sindikudziwa, koma aliyense wa ife amadziwa nkhani yonga imeneyo.

Ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda. Khanda la masabata awiri, mayi wochira kumene, basi ya tsiku lathunthu ndi theka kudutsa chipululu, kenako apolisi pambuyo? Anati bola chipululu, chilibe cholembera. Tinalimbana mpaka foni inatentha kukhutu. Pamapeto pake anavomera kudikira. Basi inali ya fili koloko masana Lachinayi lomwelo. Anati akaona nkhope ya mlendoyo siili bwino, sadikira za khoti, anyamula banja lake.

Ndiye ndinatsala ndi chida chimodzi, kabedi.

Boma la kuno limapereka kabedi kopinda kwa khanda lobadwira kuchipatala chake, ndipo pamenepo ndilithokoze. Koma kabediko anakapangira nyumba, osati tizipinda tathu. Ukakatambasula m'chipinda cha a Wilgens, chitseko sichitseguka. Ambiri amakagulitsa n'kugula palafini, poti khanda lozizidwa silifunsa kuti bedi lili kuti, ndipo Wilgens anachita chimodzimodzi sabata yoyamba. Koma a zosamalira ana akalowa m'nyumba, chinthu choyamba kufunafuna ndi pogona mwana. Choncho zaka zitatu zapitazo ine ndi amayi a kutchalitchi kwathu tinasunga kabedi kamodzi. Banja likauzidwa kuti kukubwera alendo a boma, kabedi kamapita kumeneko m'mawa, madzulo n'kubwerera kutchalitchi. Timabedi ta boma tonse n'tofanana, totuwa, ndiye tinati ndani angazindikire. Nzeru imeneyi inali yanga, ndipo ndinkainyadira.

Amene amasunga kabediko ndi M'bale Fritznel, kalipentala amene kwathu ankapenta mabasi. Mukudziwa mabasi akwathu, palibe ndi pachikhatho pomwe posiyidwa popanda duwa, mbalame kapena vesi. Chaka chatha mwendo umodzi wa kabedi unathyoka, Fritznel n'kusema wina wathabwa. Mpaka pamenepo zinali bwino. Koma munthu uja dzanja linamuyabwa. Anaupenta mwendowo wofiira, wabuluu ndi wachikasu, n'kujambulapo maluwa ndi kansomba, n'kulembanso timalemba tokhotakhota toti Mulungu ndi wabwino. Nditamukalipira anati thabwa losapenta ndi lamaliseche, iye sangalowetse chamaliseche m'nyumba ya khanda. Ndinamuuza aupente wotuwa. Anavomera kasanu konse, osachita. Kuyambira pamenepo ndinkangophimba mwendowo ndi bulangete lachikasu, lolendewera mpaka pansi.

Madzulo a Lachitatu amayi a mpingo anasonkha zinthu monga mwa nthawi zonse. Wina katani, wina chidole cha chimbalangondo chotsala diso limodzi, wina kalendala ya zithunzi za ana oseka, wina analonjeza supu wa maungu kuti m'nyumba muzinunkhira chakudya osati palafini. Mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu akwathu pa zoterezi sachedwa. Ine ndinapita kunyumba koma sindinakhazikike. Ndinachapa zovala zochapa kale. Pakiliniki amandilipira kuti ndizinena zoona za anthu anga, anthu anga amandidalira kuti ndiziwabisa, ndipo ndinali nditayamba kumva kuti mapanga awiri avumbwitsadi.

Lachinayi Fritznel anafika eyiti koloko atasenza kabedi pamutu, akuimba nyimbo ya kwaya. Tinatulutsa tebulo ndi mipando kuika m'khonde, matiresi tinaikankhira kukhoma, sutikesi ya ulendo tinakaibisa kwa oyandikana nawo. Tinapachika katani ndi kalendala. Ndinayala bulangete lachikasu mosamala, kuliyang'ana kuchokera pakhomo, kulikonzanso. Wilgens anali atavala malaya a kutchalitchi, akuyenda masitepe awiri kupita, awiri kubwerera, poti chipindacho sichilola atatu. Mphindi iliyonse ankagwira thumba lapachifuwa mmene munali matikiti.

"Khalani pansi, Wilgens, mukutha simenti ya eni ake," anatero Fritznel. "Kabedi kanga sikanagonjepo kukhoti."

Ndinamuthamangitsira kukhonde.

Chotsala chinali kuika mwana m'kabedi, ndipo Kettelie anakana. Ndinamunyengerera, ndinamuopseza, ndinatchula ndi dzina la Yesu lomwe. Teni koloko inakwana, n'kupitirira ndi mphindi khumi, kenako makumi awiri. Mbaula tinali titaizimitsa kuopa fungo, ndipo m'chipinda munayamba kuzizira moti mpweya unkaoneka pakamwa. Titamva kugogoda pachitseko chakunja m'pamene Kettelie analowetsa manja pansi pa majuzi ake n'kutulutsa mwana. Kanali kanthu kakang'ono, kofunda, kokwinya nkhope. Anakagoneka m'kabedi maso atayang'ana kumbali.

Mwana atangomva kuzizira kwa nsalu anakuwa.

Ndinapita kukalandira mlendo. Mayi Yasna ndi munthu wamfupi, wa zaka za m'ma fifite, wa chifuwa chosatha ndi chikwama chachikulu chimene chimawapendeketsa phewa. Tagwira limodzi ntchito nthawi yaitali, koma sindinawamvepo akuseka. Ndinawatsogolera m'khonde, kulambalala tebulo lathu lomwe ndi Fritznel amene anaima chilili ngati msilikali, ndipo nditatsegula chitseko mtima wanga unagwa.

Kettelie anali atachotsa bulangete lachikasu lija n'kufunditsa mwana. Anali atawerama pakabedi akumukulunga bwinobwino, ndipo mwendo wa Fritznel unali poyera, maluwa ake, kansomba kake, ukuwala m'chipinda chonse.

Mayi Yasna anapereka moni, n'kukhala pampando umodzi umene tinasiya. Anayang'ana katani, kalendala, chimbalangondo cha diso limodzi. Kenako anayang'ana mwendo uja nthawi yaitali.

"Kansomba aka ndikukadziwa," anatero.

Ndinati mwina akufananitsa.

"Ndinakaona kwa banja lija la mapasa. Ndinakaonanso kuseri kwa malo ogulitsira mafuta, bulangete litasendera pang'ono. Chimbalangondo ichi ndinayamba kuchiona chili ndi maso onse awiri. Guerdine, kabedi aka kayenda Quilicura kuposa ine."

Wilgens samva bwino Chisipanishi, koma nkhope yanga anaiwerenga. Ndinaona dzanja lake likupita pathumba la matikiti, maso ali kuchitseko.

Mayi Yasna anati ankangokhala chete chifukwa ana a m'nyumba zinazo ankabwera kusikelo, ankanenepa, ndipo iwo alibe nthawi yolimbana ndi mipando. Koma uyu sanayezedwepo chichokereni kuchipatala, ndipo pepala lake ndi loipa. Anatulutsa cholembera n'kufunsa kuti mwanayu amagona pati kwenikweni. Ndinayamba kuyankha ndekha, bodza litafika kale kumilomo, koma anakweza dzanja.

"Funsa mayiyo. Ndipo lero undiuze zimene akunena, osati zimene ukufuna ndimve."

Ndinamufunsa Kettelie. Anali atanyamula kale mwana, poti kulira kuja sakanakupirira. Anabwerera pamalo pake pamatiresi, n'kutsamira khoma, n'kumulowetsa pansi pa majuzi. Kulira kunaleka nthawi yomweyo.

"Amagona pano," anatero akuloza pachifuwa. "Ndikamuika pansi azizidwa. Ndikagona naye ndingamupsinje. Ndiye ndimakhala."

Ndinamasulira liwu ndi liwu. Mayi Yasna anafunsa kuti amakhala maola angati. Kettelie anadabwa ndi funsolo. Anati chibwerereni kuchipatala. Wilgens anavomereza kuti mkazi wake sanagonepo chogona, amangowodzera chokhala, dzanja lili pamsana pa mwana kuti azimva kupuma. Iye akati amulandire, amalola mphindi zochepa zokha zopita kubafa.

Pamenepo m'pamene ndinaona zimene ndinalephera kuona Lachiwiri. Pathabwa, kumbuyo kwa mutu wa Kettelie, panali bwalo lakuda la mafuta a nsatsi a m'tsitsi lake, pamalo amodzi omwewo. Miyendo yake inali itatupa mpaka masokosi analowa m'mnofu. Ine ndinali nditabwera kudzamuphunzitsa chikondi ndi thumba la mpunga. Manyazi anandigwira, ndipo ndinalakalaka nditamira pansi.

Mayi Yasna anatsika pampando n'kugwada pamatiresi, maondo akulira. Anapempha kuona mwana. Kettelie anatsitsa khosi la juzi pang'ono, kankhope kanaonekera. Nkhope ya Mayi Yasna inafewa, ndipo anachita zimene munthu aliyense wa dziko lino amachita akaona khanda. Anayamba kunena kuti koma ndiye ndi wokongola bwanji.

Liwu limenelo Kettelie amalidziwa m'chinenero chilichonse. Anaphimba mwana msangamsanga, n'kutembenuka kuwapatsa msana, milomo ikuyenda ndi pemphero. Mayi Yasna anabwerera m'mbuyo ngati amenyedwa mbama. Nkhope ija inaumanso. Anatola cholembera chawo pansi.

Ndinaona cholemberacho chikukhudza pepala, ndinaona Wilgens akusendera kuchitseko, ndipo ndinaiwala kuti ndili pantchito.

"Mayi Yasna, musanalembe ndikufunseni. Makanda a kuno amabwera kusikelo ali ndi kariboni kofiira pachifuwa, kali ndi kamendulo. N'kachiyani?"

Ndinadziyankha ndekha.

"N'koteteza diso loipa. Ndimationa tsiku ndi tsiku timariboni timeneto, ndipo palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene munamulembera pepala. Uyu alibe riboni. Ali ndi pakamwa pake pokha, ndiye amapatseka."

Ndinawauza za Sadrac, za anthu oima pakhomo kumuyamikira, za tsiku la makumi awiri, ndi kuti mawa ndi tsiku la makumi awiri la uyu. Mawu ankatuluka okha, Chisipanishi changa chikupunthwa, ndipo ndikukhulupirira kuti nyumba yonse ya zipinda khumi ndi zinayi inamva. Nditamaliza ndinadziwa kuti mwina ntchito yanga yathera pomwepo.

Mayi Yasna anatsokomola kwa kanthawi. Kenako anandifunsa kuti mayiyu amamutcha chiyani mwanayo. Ndinati kansanza. Anafunsa kuti m'chinenero chathu munthu amati bwanji akafuna kunena kuti chinthu n'chonyansa. Ndinawauza. Anayeserera kawiri chapansipansi, lilime likukana, kenako anasendera pafupi ndi msana wa Kettelie n'kunena m'Chikiriyoli chophotchoka:

"Madan Wilgens. Kansanza aka n'konyansa. Konyansa kwambiri."

Kukhonde Fritznel analephera kudzigwira, tinamva akutsamwa ndi phwete. Kettelie anatembenuka pang'onopang'ono. Kanali koyamba kumuona akuyang'ana munthu wa boma m'maso.

"Auzeni kuti akunena zoona," anatero. "Sikaoneka bwino n'komwe."

Misozi inali ikutsika, koma manja ake anali akumasula kale majuzi. Anatulutsa mwana n'kumupereka m'manja mwa Mayi Yasna.

M'chikwama chija munali sikelo yopachika. Wilgens anaigwira m'mwamba ndi dzanja lake losenza anyezi, tinayatsanso mbaula, ndipo mwana anayezedwa akulalata ngati akutitukwana tonse. Anali atanenepa bwino. Mayi Yasna anamuyang'ana pamchombo, m'kamwa, m'maso, akung'ung'udza kuti konyansa, konyansa, ngati nyimbo. Koma sanatisiye osatikalipira. Anati kuwodzera chokhala uli ndi khanda pachifuwa n'koopsa, tsiku lina tulo tidzapambana. Anati miyendo ya mayiyu ikufunika dokotala sabata yomwe ino, ngakhale ali m'chikuta, ndipo akakamba ndi Priscila kuti sikelo izibwera kunyumba mpaka masiku ake atakwana. Ndiponso analamula kuti kabedi kakhale pomwepo. Tebulo ligone kukhonde, koma mwana azigona m'kabedi, pafupi ndi matiresi, pamene dzanja la mayi lingafike.

Fritznel anasuzumira n'kudandaula kuti kabedi kali ndi ulendo Lolemba. Mayi Yasna anati nyumba ya Lolembayo akuidziwa, ndi iwo omwe akupitako, awauze anthuwo asavutike ndi kusenza.

Wilgens anandikodola kuti ndifunse funso limene linali pakhosi pa tonse. Ndinafunsa kuti alemba chiyani.

"Ndilemba kuti mayi sanagone masiku khumi ndi asanu ndi anayi chifukwa chomvetsera kupuma kwa mwana wake," anatero akutseka chikwama. "Ndi kuti mwana akhale pomwe ali. Iwe ndi ine, Guerdine, tikambirana Lolemba."

Nditamumasulira, Wilgens anakhala pansi pomwe anaimapo, pasimenti, malaya a kutchalitchi ali m'thupi. Patapita kanthawi anadzuka n'kunena kuti akuthamangira kokwerera basi, mwina angamubwezereko kenakake pa matikiti aja. Amayi a supu anafika mlendo atapita kale, Fritznel anawalandira ndi nkhani yoti kansomba kake kapulumutsa mwana. Ndinalibe mphamvu zomutsutsa. Ndinatsanzika kuti ndikagwire ntchito ya masana.

Ndili pamalo odikirira basi mphepo inandiluma m'khosi, n'kukumbukira kuti mpango wanga ndausiya pampando. Ndinabwerera. M'khonde munalibe munthu, onse anali atapita kukhitchini kukagawana supu. Chitseko cha a Wilgens chinali chotseka. Ndinakweza dzanja kuti ndigogode, koma matabwa a nyumba ija sasunga chinsinsi.

Kettelie ankalankhula motsitsa kwambiri, mawu ongokwanira khutu limodzi laling'ono.

"Emiliano. Emiliano wanga. Usawamvere, wamva? Ndiwe wokongola. Tione timanjato. Palibe wokongola ngati iwe m'dziko lonse lino."

Ndinamva kupsompsona, kamodzi, kawiri, kambirimbiri. Zonse zimene pepala la cholembera chofiira linkafuna zinali kuseri kwa thabwa limenelo. Kenako ndinazindikira kuti khutu lachilendo limene mayiyu ankaliopa lija tsopano linali langa, ndipo tsiku la makumi awiri linali lisanafike. Ndinatsitsa dzanja, n'kubwerera chonyang'ama mpaka kumsewu, khosi lili pamtunda.